A Tamverani ndi Kamanyazi ka M'khwawa Lotsekedwa

Malemu a Tamverani, amene tasonkhana kudzawaperekeza lero, anabadwa m'chaka cha 1954 m'mudzi wa m'tsinde mwa phiri ili, m'nyumba yomaliza musanafike pa chipata cha nkhalango yotetezedwa. Anali mwana wachitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Bambo awo anali kalipentala, mayi awo anali mlimi. Atisiya ali ndi zaka 71. Banja lasankha ine, mlamu wawo, kuti ndiwerenge mbiriyi, ndipo landichenjeza kuti ndisaithire shuga. Mayi a kunyumba kwa malemu, amene ndi mlongo wanga, anandiuza dzulo kuti ndikangoyerekeza kunena kuti malemuwa anali mngelo, iwo aimirira pomwe akhalapo n'kunditsutsa pamaso panu. Choncho ndinena monga zinalili.

Anayamba sukulu ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Mutu unalipo, koma sunkakhala m'kalasi. Aphunzitsi akamalemba pabolodi, iwo khutu lili pawindo. Musaganize kuti masiku amenewo ankakonda mbalame monga mmene tinadzawadziwira. Ankazikonda zili zootcha. Legeni siinkachoka m'khosi, ndipo thumba la kabudula linkang'ambika ndi miyala. Anazindikira msanga kuti kuthamangitsa mbalame n'kudzitopetsa chabe, chifukwa ukailirira monga mmene imalirira, imabwera yokha. Motero anaphunzira kutsanzira ndi mluzu kulira kwa njiwa, pumbwa, nkhwali, mpheta ndi zina zambiri, mpaka anzawo ankalephera kusiyanitsa munthu ndi mbalame. Anafika ku sekondale, koma anaphunzirako zaka ziwiri zokha. Bambo awo atamwalira mu 1971, anabwerera kunyumba kukathandiza mayi awo kulera azing'ono awo.

Mu 1974 analembedwa ntchito yolambula njira ku paki, m'nkhalango yotetezedwa ija. Anapatsidwa chikwanje, khasu ndi nsapato za mphira zimene zinali zazikulu zoti n'kulowamo mapazi awiri. Amene simunakwerepo kumtunda uko, dziwani kuti kuli mitengo yoti ukafuna kuona nsonga yake chipewa chimagwa. Ziyangoyango zalukana, dzuwa silifika pansi, mame amadontha mpaka masana, ndipo nkhungu ikatsika suona ngakhale msana wa mnzako amene ali patsogolo. M'nkhalango yotere mbalame siyamba n'kuoneka, imayamba n'kumveka. Mlendo angabwere ndi magalasi oonera patali apamwamba bwanji, popanda munthu wa khutu amabwerera kwawo ataona masamba okhaokha.

Mu 1976 kunabwera mayi wina wophunzira kwambiri, katswiri wa za mbalame, amene ankafunafuna kambalame kamodzi. M'mabuku kali ndi dzina lalitali lopinda lilime, koma ogwira ntchito ku paki amakatcha kamanyazi. Ndi kakang'ono kuposa pumbwa, kofiirira kumsana, koyera pachifuwa. Paphiri lino kankapezeka m'khwawa limodzi lokha, lakuya, la kumtunda kwenikweni, ndipo kamakhala pansi, m'zitsamba zowirira. Kulira kwake n'kowonda kwambiri, kofanana pang'ono ndi kwa nyenje. Mayi aja anakasaka masabata atatu osakaona. Malemu anali wongowanyamulira chikwama. Tsiku lomaliza, mayiwo atakhala pamwala atagwira tsaya, malemu anapempha mwaulemu kuti ayeseko. Analiza mluzu katatu. Kamanyazi kanatuluka n'kudzatera pa chipika, pafupi poti ukanatha kukaponyera chipewa. Mayi aja anagwetsa misozi, ndipo asanachoke analembera kalata akuluakulu a paki. Mwezi wotsatira malemu anatula chikwanje n'kukhala woperekeza alendo odzaona mbalame. Legeni anaiponya pamoto.

Dzina loti Tamverani linabadwira pantchito imeneyi. Ungakhale ukuwauza nkhani yofunika bwanji, iwo ankangokweza chala n'kunena kuti, "Tamverani!" Iwe n'kukhala chete, kuyesa kuti ali ndi mawu, pomwe akunena za kambalame kamene kalira kutsidya kwa mtsinje. Anachitapo zimenezi kwa abwana awo, anachitapo kwa abusa, ndipo tsiku limene anabwera kudzaonekera kwathu anadula mawu bambo athu ali mkati mowalangiza za banja. Bambo athu anatiuza madzulo ake kuti mnyamatayo mwina mutu suyenda bwino, koma nkhope yake ndi yachilungamo.

Anakwatira mlongo wanga, telala wa pamsika, mu 1979, ndipo akhala limodzi zaka 46. Mulungu anawapatsa ana asanu, ndipo aliyense mwezi usanathe anali atalandira dzina la mbalame. Woyamba ndi Nthengu, chifukwa sankaopa munthu. Wachiwiri ndi Namzeze, mwana wamkazi wosakhala pansi. Kenako Pumbwa, amene mpaka lero pakamwa sipatsekeka, Njiwa wofatsa uja, ndi Timba, chitsiriziro. M'nyumba mwawo munali zinthu ziwiri zosakhudzidwa ndi mwana: makina osokera a mayi, ndi magalasi oonera patali a bambo, amene ankapachikidwa pamsomali kuseri kwa chitseko. Mlongo wanga ankakonda kudandaula kuti anakwatiwa pamitala, ndipo mkazi wamkulu ndi nkhalango, chifukwa bambo ankatuluka kusanache n'kubwerera thalauza litanyowa mpaka m'chiuno. Koma mathalauza omwewo ankawasoka yekha, ndi matumba awiri owonjezera oikamo kabuku ndi pensulo. Malemu sankamwa, sanakwezepo dzanja pa mkazi kapena mwana, ndipo palibe mwana amene anasiya sukulu. Vuto lawo linali liuma. Akanena kuti chinthu ndi chakuti, chinali chakuti basi.

Pantchito anali ndi malamulo awoawo. Mlendo wovala malaya ofiira ankabwezedwa kukasintha. Wodzola mafuta onunkhira ankaikidwa kumbuyo kwa mzere. Ankayenda pang'onopang'ono moti ena ankayesa kuti mwendo ukuwapweteka, ndipo mlendo wothamanga ankamuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Bambo wina anabwera ndi ndandanda ya mbalame zana limodzi zoti azione tsiku limodzi. Malemu anamuimitsa pansi pa mtengo umodzi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa lili paliwombo, ndipo bamboyo anabweranso zaka zisanu zotsatizana kudzaima pansi pa mtengo womwewo. Pofika m'ma 1990, alendo ochokera kutali ankalemba makalata kufunsa ngati a Tamverani adzakhalepo asanagule matikiti. Onsewo chimene ankachifuna kwambiri chinali kamanyazi, ndipo wodziwa kukaitana anali mmodzi yekha.

Tsopano ndifika pa nkhani imene malemu anailamula okha kuti inenedwe pano. M'khwawa muja munali mabanja atatu a timanyazi. Kamanyazi kakamuna kakamva mluzu uja, kamayesa kuti kanzake kalowa m'dera lake, ndiye kamasiya chilichonse n'kubwera kudzachita ndewu. Malemu ankadziwa zimenezi kuposa wina aliyense. N'chifukwa chake anadziikira lamulo loti aziitana kamodzi kokha pa sabata, ndipo nthawi yoswa asamaitane n'komwe. Koma m'nyengo ya mvula ya 1998 kunabwera gulu lalikulu la ojambula zithunzi. Tsiku loyamba kuwala kunali koipa, anapempha kubwereza. Tsiku lachiwiri wina anachedwa kujambula. Litapita gulu limenelo kunabwera lina, litamva kwa anzawo. Ankawaombera m'manja, kuwajambula, kuwatcha mfumu ya nkhalango, ndipo kutamandidwa kumaledzeretsa ngakhale munthu wosamwa. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Anaitana masiku khumi ndi awiri otsatizana, m'mawa ndi masana, malo onse atatu. Tsiku lotsatira anakwera okha. M'phanga la mtengo wina, pafupi ndi pansi, anapeza chisa chokhala ndi anapiye awiri atazizira kale. Makolo anali atatha masiku onsewo akuthamangitsa mdani amene kunalibe, ana akufa ndi njala.

Chaka chotsatira analiza mluzu m'khwawa muja, koma panalibe choyankha. Chaka china, chimodzimodzi. Akatswiri anawatonthoza kuti mwina ndi chilala, mwina ndi njoka, mwina mbalamezo zangosamuka. Malemu anakana kutonthozedwa. Ankati, "Ndinazinamiza mpaka zinatopa nane." M'chaka cha 2000 analumbira kuti sadzalizanso mluzu, kaya m'nkhalango, kaya kunyumba, ndipo m'nyumba mwawo mluzu unaletsedwa kwa aliyense. Anavutitsa akuluakulu a paki ndi makalata mpaka khwawa lija linatsekedwa kwa alendo mu 2001. Obwera ndi makina ojambulira mawu anabwezedwa. Achinyamata onse amene anawaphunzitsa ntchito anawadziwitsa kulira kwa mbalame iliyonse ya paphiri lino, poimirira nawo m'nkhalango n'kumamvetsera, koma kulira kwa kamanyazi anakubisa, kuopa kuti wina angadzachite zimene iwo anachita. Kuyambira pamenepo mtima wawo unali pa chinthu chimodzi: kudzamvanso kamanyazi asanatsikire kuli chete, kuti adziwe kuti sanakathetse. Lachiwiri loyamba la mwezi uliwonse ankakwera kukhwawa, kukhala pamwala kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa litakwera, n'kutsika kukalemba mu lipoti la paki liwu limodzi lakuti, "Palibe."

Kumbali ya mpingo, anabatizidwa mu 1968 ndipo anasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo mu 1990. Anaimba m'kwaya zaka zoposa makumi atatu. Kale ndiwo ankapereka poyambira nyimbo ndi mluzu, ndipo atasiya, kwaya inavutika chaka chathunthu, amayi akuyambira kumwamba, abambo kunsi. Akapatsidwa mpata wolalikira, mutu ungakhale wa chikhululukiro kapena wa chopereka, tonse tinkadziwa kuti ulaliki ukathera pa mbalame. Chaka chimene tinkapenta tchalitchi, anaimirira pansi pa makwerero kuletsa kuti zisa za anamzeze za pakhonde zisagwetsedwe. Mukadzapita Lamulungu, mudzakweze maso kumanzere kwa chitseko, mudzaona kuti mbali imeneyo ili ndi penti yakale. Koma ankayenderanso odwala mosatopa, ndipo pamaliro a anthu osauka, amene ena ankangodutsapo, iwo ankafika oyamba ndi khasu paphewa.

Mwa ana onse, Namzeze yekha ndiye anatsata mapazi awo. Anayamba ntchito yoperekeza alendo mu 2008, ndipo kuyambira pamenepo ndiye ankakwera nawo kukhwawa mwezi ndi mwezi. Malemu anapuma pantchito mu 2014, koma anapempha chilolezo choti ulendo wa Lachiwiri uja usathe. Ukalamba wawo unayambira m'makutu, ndipo unabwera mwakachetechete. Mawu a anthu ankawamva, belu la tchalitchi ankalimva, galimoto ikubwera patali ankaimva. Chimene chinawathawa ndi timawu towonda tokha. Ketulo inkalira pamoto mpaka madzi kuphwa, iwo ali pomwepo akuwerenga nyuzipepala. Mlongo wanga anaona, ana anaona, inenso ndinaona. Koma ndani akanalimba mtima kuuza munthu wotchedwa Tamverani kuti sakumva? Tinangokhala chete, ndipo apa tonsefe tili ndi mlandu. Iwo ankabwera kuchokera kunkhalango ali khuma, akudandaula kuti timbalame ting'onoting'ono tikutha chaka ndi chaka, ndipo mumtima ankati zonsezi zinayamba ndi iwo.

M'mawa wina mu 2017, ali pamwala paja, Namzeze anamva kaliwu kowonda kakuchokera m'zitsamba, kamene sanakamvepo. Anafunsa kuti, "Bambo, chikulira apacho n'chiyani?" Malemu anakweza chala, n'kutchera khutu kwa nthawi yaitali. Anangomva madzi akuyenda m'khwawa. Kenako anati, "Ndi nyenje imeneyo, mwanawe." Namzeze anavomera, poti galu wamkota sakandira pachabe. Patapita chaka anafunsanso, ndipo nkhope ya bambo ake inasintha. Anamuyankha kuti, "Ine ndinayamba kukwera muno iwe usanabadwe." Sanafunsenso. Kamanyazi n'kosaoneka wamba, m'mabuku kulira kwake kunalembedwa mosamveka, ndipo katswiri wina aliyense anali ataletsedwa kulowa m'khwawamo. Wodziwa nyimbo sankaimva, woimva sankaidziwa, ndipo awiriwa ankakhala pamwala umodzi, phewa ndi phewa. Kwa zaka zisanu ndi zitatu lipoti linapitiriza kunena kuti palibe.

Mu 2023 malemu anayamba kudwala mtima. Miyendo inkatupa, mpweya unkawachepera, ndipo ulendo wa kuphiri unatha. Anagonekedwa m'chipatala kawiri. Kumayambiriro kwa chaka chino adokotala anatiuza mosabisa kuti chatsala n'kuwasamalira kunyumba. Tinasunthira bedi lawo pawindo loyang'ana kuphiri. Namzeze anapitiriza kukwera yekha, ndipo akabwerako bambo ake ankangomuyang'ana, iye n'kupukusa mutu. Abusa atabwera kudzawaona, malemu anawauza kuti imfa sakuiopa, koma sakudziwa chimene akayankhe akakafunsidwa za khwawa lija. Zinkatiwawa kwambiri kuona munthu amene anachita zabwino zochuluka chonchi akudziweruza ndi cholakwa chimodzi.

Miyezi itatu yapitayo, masana ena, Namzeze ankawameta ndevu. Anaima pambali pawo, pafupi ndi khutu, maganizo ali kwina, ndipo mosazindikira anayamba kuliza mluzu, kutsanzira kaliwu ka m'khwawa kaja. Milomo ya munthu siingakwere pamwamba ngati kambalame, choncho nyimboyo inatuluka motsikirako, moti makutu okalamba anatha kuimva. Malemu anamugwira dzanja mwamphamvu mpaka lezala linawacheka patsaya.

"Wazitenga kuti zimenezo?"

"Pepani, Bambo, ndinaiwala kuti m'nyumba muno..."

"Sindikukudzudzula. Tabwereza."

Namzeze anabwereza.

"Wazimva kuti?"

"Si nyenje yanu ija ya m'khwawa? Masiku ano zachuluka, zikumalira uku ndi uku."

Malemu anamuyang'anitsitsa, thovu la sopo lili kumaso, magazi akutsikira m'khosi. Kenako anayamba kuseka, kusekako n'kusanduka kulira. Anaitana mkazi wawo kuti, "Mayi a Nthengu, tabwerani mudzaone chitsiru chimene munakwatiwa nacho!" Mlongo wanga anayankha ali kukhitchini kuti, "Ndakhala ndikuchiona zaka makumi anayi, lero chatani?" Atalowa n'kumva nkhaniyo, anakhala pansi pomwepo, ndipo analira onse atatu.

Malemu anati akufuna kukwera. Adokotala anakana. Njiwa, amene ndi namwino, anakana. Mlongo wanga anakana masiku awiri, tsiku lachitatu anatulutsa mabulangete. Ogwira ntchito ku paki, amene ambiri anaphunzitsidwa ndi malemuwa, anamangirira mpando pa nsungwi ziwiri, ndipo anthu asanu ndi atatu anasinthana kuwanyamula. Tinanyamuka kukungocha. Ine ndinafika womaliza, ndipo kunali kukambirana ngati mpandowo potsika usanyamule ineyo. Tinawakhazika pafupi ndi mwala wawo uja, titawafunditsa mpaka m'khosi. Kunkazizira, milomo yawo inali itayamba kuda, ndipo Njiwa anati atipatsa ola limodzi lokha. Ola lija litatsala pang'ono kutha, kamanyazi kasanaoneke, Namzeze anagwada pafupi ndi khutu lawo n'kunena kuti, "Bambo, ndikaitane? Kamodzi kokha." Kunena zoona, tonse tinkafuna kuti avomere. Munthu anali atadikira zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo tinkadziwa kuti sadzakweranso. Malemu anapukusa mutu n'kunena kuti, "Ayi. Tabwera pakhomo pa eni ake. Akafuna atuluka okha."

Anamuuza kuti awagwire dzanja, ndipo kakalira aziwafinya. Namzeze anafinya. Patapita kanthawi anafinyanso, akuloza kumanja, kenako kumunsi. Malemu anatsinzina, akuwerenga ndi milomo. Njiwa anayang'ana wotchi, n'kuyang'ana bambo ake, n'kuibisa wotchiyo m'thumba. Tinakhala maola atatu. Dzuwa litayamba kulowa pakati pa masamba, mzere wa linthumbu unadutsa chakumunsi kwathu, tizilombo tikuthawa mbali zonse, ndipo kamanyazi kanatuluka kudzatola tizilomboto. Manja a malemu analibe mphamvu, moti Namzeze anachita kuwagwirira zigongono kuti magalasi akhazikike. Kambalame kaja kanadumphira pa chipika, n'kukweza mutu, n'kuyasamula. Ife tonse tinakamva. Iwo sanamve chilichonse, koma anaona kukhosi kwake kukunjenjemera, ndipo anayang'ana mpaka kanamaliza. Posakhalitsa kanatulukanso kena, katanyamula mbozi kukamwa, n'kuulukira m'zitsamba osaimeza. Malemu anatsitsa magalasi n'kunena motsitsa kuti, "Kali ndi ana." Amuna akuluakulu amene ananyamula mpando aja anatembenukira kumbali, aliyense akupukuta m'maso.

Sabata yomweyo malemu anauza Timba kuti atenge pepala, ndipo anamulembetsa kalata yopita kwa akuluakulu a paki. Anapempha kuti malipoti onse kuyambira 2017 akonzedwe, ndipo palembedwe poyera kuti wolakwitsa anali iwowo, osati mwana wawo. Anapempha kuti operekeza alendo onse aphunzitsidwe kulira kwa kamanyazi, koma aphunzirire mu ofesi, ndipo m'nkhalango pasapezeke wokaitana. Anati khwawa litsegulidwe kwa alendo ochepa odziwa kudikira, kupatula nthawi yoswa. Anati aliyense wopitirira zaka makumi asanu azikayezetsa makutu chaka ndi chaka, ndipo wachinyamata akanena kuti wamva chinthu, chilembedwe, ngakhale wamkulu atakana. Akuluakulu a paki, amene ali nafe pano, anavomera zonsezi, ndipo banja likuthokoza. Anaitananso Namzeze n'kumupepesa pamaso pa abale ake onse, chinthu chimene ife amene timawadziwa sitinkayembekezera kuti tidzachiona ndi maso athu. Ndipo mluzu unabwerera m'nyumba muja. Unali wofooka, wophonyaphonya, poti mwini wake sankadzimva bwino, ndipo mlongo wanga akuti sunkamupatsa mpata ngakhale womvera wailesi.

Masabata awiri apitawa thupi linafooka kwambiri, ndipo anasiya kudzuka. Ana onse anabwera. Lolemba lapitali m'mawa, atamwa tiyi pang'ono, mkazi wawo ali pambali, anatsinzina mwakachetechete. Sanavutike.

Malemu asiya mkazi wawo wokondedwa. Asiya ana asanu: amuna atatu, Nthengu, Pumbwa ndi Timba, ndi akazi awiri, Namzeze ndi Njiwa. Asiya apongozi anayi, zidzukulu khumi ndi zinayi, ndi chidzukulutudzi chimodzi. Asiya azing'ono awo awiri ndi mlongo wawo mmodzi, asiyanso ife alamu awo, amene tasowa womuseka. Ku paki asiya operekeza alendo makumi atatu ndi mmodzi amene anadutsa m'manja mwawo.

Sabata yatha Namzeze ndi anzake anayi anakhala m'khwawa muja masiku atatu akuwerenga ndi makutu okha, popanda woliza mluzu. Anapeza mabanja asanu ndi awiri a timanyazi, pomwe malemu pa unyamata wawo ankadziwa atatu. Uthenga umenewu unawapeza a Tamverani akadali moyo, Loweruka masana. Anapempha kuti awauze pafupi ndi khutu, ndipo atamva, anapempha kuti awauzenso kachiwiri.

Mtolo umene anausenza zaka zonsezi anautula asananyamuke. Mlamu wathu, bambo athu, a Tamverani, apumule mu mtendere.